Gauti mwa bambo wa zaka 56 amene anali pa mankhwala a TB ndi a kuthamanga kwa magazi: lipoti lochokera ku Ntcheu

Lipoti ili likufotokoza za bambo wa zaka 56, wochita malonda a mbatatesi ndi kabichi wa kumapiri a ku Tsangano m'boma la Ntcheu, amene anatupa chala chachikulu cha kuphazi ndi bondo ali pa sabata yachisanu ya mankhwala a TB. Anapezeka ndi gauti, matenda otupitsa mfundo amene amabwera uric acid, chotsalira chimene thupi limataya makamaka mumkodzo, akachuluka m'magazi n'kupanga timiyala m'mfundo. Ndalilemba poganizira anzanga a m'zipatala za kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, chifukwa mankhwala amene anakweza uric acid m'magazi mwake ndi omwe timapereka tsiku ndi tsiku, ndipo si zachilendo kuti munthu mmodzi azimwa onsewo nthawi imodzi. Dzina lake ndi la mudzi wake sinditchula, ndipo iye ndi akazi ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe.

Mbiri ya matenda

Bamboyu anali atamwa hydrochlorothiazide wa 25 mg tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo kabuku kake ka kuchipatala kakusonyeza kuti sankajomba kukatenga mankhwala. Mu Meyi anabwera ndi chifuwa cha miyezi iwiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, moti sikelo inasonyeza makilogalamu 58 pamene chaka chapitacho ankalemera 66. Makhololo atayezedwa pa makina a GeneXpert anapezeka ndi TB yomva mankhwala a rifampicin, ndipo HIV sanapezeke nayo. Anayamba kumwa mapiritsi anayi a RHZE patsiku. Piritsi lililonse lili ndi rifampicin 150 mg, isoniazid 75 mg, pyrazinamide 400 mg ndi ethambutol 275 mg, choncho pyrazinamide yekha ankalowa m'thupi mwake 1,600 mg tsiku lililonse.

Usiku wina mu Juni, nyengo imene ku Tsangano kumazizira koopsa, anagona bwinobwino koma tambala asanalire anadzidzimuka ndi ululu patsinde pa chala chachikulu cha phazi lamanja. Akazi ake anandifotokozera motere: "Adokotala, ngakhale bulangeti lokha likangokhudza pamenepo, bambo a kunyumbawa amachita kukuwa." Pofika m'mawa chalacho chinali chitatupa, ndipo popeza masiku amenewo panali mkangano wa malire a munda, abale anagamula kuti waponda mankhwala. Anamutengera kwa sing'anga amene anamutema mphini kuzungulira chalacho ndi kumuuza kuti asaphatikize mankhwala achikuda ndi a kuchipatala. Mwa njira imeneyi anasiya mankhwala a TB masiku anayi, koma a kugolosale sanasiye: ankamwa indosidi katatu patsiku pamodzi ndi asipilini amene anazolowera kumwa mutu ukamamupweteka. Tsiku lachisanu bondo lamanzere linatupa, kuyenda kunakanika, ndipo anabwera naye pa njinga yamoto ya kabaza.

Nditafunsitsa, zinadziwika kuti aka sikanali koyamba. Pa zaka zitatu zapitazo chala chomwecho chinatupapo kawiri, ulendo wina pambuyo pa ukwati wa mwana wa mlongo wake ndipo ulendo wina nthawi ya Khirisimasi, ndipo maulendo onse awiri chinaphwa chokha sabata isanathe. Bambo ake omubereka ankadwala chimene pakhomopo ankachitcha nyamakazi ya m'mapazi. Asanadwale TB ankamwa Chibuku kapena masese masiku a msika, ndipo chakudya chake cha masana pa Lizulu nthawi zambiri chinkakhala kanyenya wa mbuzi, chiwindi ndi mthumbwana. Mowa anausiya atayamba mankhwala a TB, koma m'malo mwake ankamwa zakumwa zotsekemera za m'botolo zitatu kapena zinayi patsiku, pokhulupirira kuti zimawonjezera magazi.

Zimene tinapeza pomuyeza

Thupi linali lotentha madigiri 37.8, mtima unkagunda ka 96 pa mphindi, ndipo BP inali 158/96. Tsinde la chala chachikulu linali lotupa, lotentha, khungu lake lowala ndi lothina, ndipo mphini ziwiri mwa zimene anatemedwa zinkatulutsa mafinya pang'ono. Bondo lamanzere linali lodzaza madzi ndipo sankalola kulipinda. Chimene chinandithandiza kwambiri sichinali kumwendo ayi, chinali kukhutu. M'mphepete mwa khutu lamanja munali kachotupa kolimba, kosapweteka, koyererako pansi pa khungu, kamene mwiniwake ankati kakhalapo chaka choposa chimodzi. Kena kotere kanali pachigongono. Ndimalangiza aliyense wokumana ndi munthu wotupa mfundo kuti aziyang'ana makutu, zigongono ndi zala za m'manja asanalembe chilichonse, chifukwa sizitenga mphindi ndipo sizifuna chipangizo.

Komabe bondo lotentha lodzaza madzi mwa munthu wotentha thupi, amenenso ali ndi zilonda zamafinya kuphazi, tiyenera kuliona ngati lili ndi mabakiteriya mpaka titatsimikiza kuti mulibe, chifukwa mafinya a m'mfundo amawononga fupa m'masiku ochepa. Tinaganiziranso TB ya m'mfundo, kutupa kwa khungu kochokera m'mphini, ndi kuphwanya kwa mfundo kumene pyrazinamide amabweretsa mwa anthu ambiri. Kuphwanya kumeneku n'kosiyana ndi gauti: kumagwira mfundo zingapo monga mapewa, mawondo ndi zala, sikutupitsa kwenikweni, ndipo munthu amayenda ndithu ngakhale akudandaula.

Tinapopa bondo ndi singano ndipo munatuluka madzi achikasu a mbuu okwana mamililita 30. Pa Gram stain, njira yothira utoto pofuna kuona tizilombo pa maikulosikopu, sipanaoneke mabakiteriya, ndipo GeneXpert ya madziwo sinapeze TB. Dontho lina tinaliika pagalasi osathira utoto uliwonse, ndipo titachepetsa kuwala kwa maikulosikopu tinaona timiyala tambirimbiri tosongoka ngati singano, tina titabaya ndi kupyoza maselo oyera a magazi. Kachotupa ka kukhutu titakaboola kanatulutsa zinthu zoyera mbee, zaufaufa, zimene pagalasi zinaonetsa timiyala tomweto titaunjikana mitolomitolo. Maikulosikopu ya kuwala kwa polarised, imene Daniel McCarty ndi Joseph Hollander anagwiritsa ntchito mu 1961 posonyeza timiyala timeneti m'madzi a m'mfundo za odwala gauti, ife tilibe, koma maonekedwe osongokawo amaoneka bwino ngakhale pa maikulosikopu yathu yoyezera malungo ndi makhololo.

M'magazi munali maselo oyera 11,200 pa maikulolita, shuga anali bwino, malungo munalibe, ndipo chiwindi chinkagwira ntchito bwino. Creatinine, amene amakwera m'magazi impso zikafooka, anali 128 µmol/L, zimene pa msinkhu wake zimapereka eGFR, muyeso wa kasefedwe ka impso, ya pafupifupi 56, kusonyeza kuti impso zinali zofookerako. Uric acid tinayezetsa ku labotale ina ya ku Lilongwe, mwana wake atalipira, ndipo anali 10.9 mg/dL, kapena kuti 648 µmol/L. Tiyenera kukumbukira kuti nthawi imene mfundo yatupa, uric acid wa m'magazi amatha kutsika mpaka kuoneka ngati ali bwino, choncho nambala yotsika sichotsa gauti. Timiyala ta pagalasi ndi timene timatsimikiza.

Kumene uric acid amachokera

Pofuna kumvetsa zimene tinasankha kuchita, m'pofunika kutsatira njira imene uric acid amadzera. Iye ndi zotsalira za ma purine, gulu la zinthu zimene selo iliyonse yamoyo imadalira. Awiri odziwika kwambiri ndi adenine ndi guanine, amene ndi ziwiri mwa zilembo zinayi za DNA. Adenine yemweyo ndiye tsinde la ATP, chinthu chimene chimanyamula mphamvu yochokera m'chakudya kupita nayo kumene ikufunika, kaya ndi mumnofu wa mwendo kapena mu ubongo. Thupi limadzipangira lokha ma purine, makamaka m'chiwindi, pogwiritsa ntchito glycine, glutamine, aspartate, mpweya wa carbon dioxide ndi tizidutswa tonyamulidwa ndi folate. Kumene chidutswa chilichonse chimachokera anakutulukira ndi John Buchanan ndi anzake ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo anagwiritsa ntchito nkhunda, chifukwa mbalame zimataya nayitirojeni wawo ngati uric acid. Choyera chija timachiona pa zitosi za nkhuku ndi uric acid ameneyu.

Kupanga purine watsopano kumadya mphamvu zambiri, choncho thupi limatolanso ambiri mwa ma purine a m'maselo akufa n'kuwagwiritsanso ntchito kudzera mu enzaimu (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi) yotchedwa HGPRT. Kufunika kwa enzaimu imeneyi kunaonekera pa matenda amene Michael Lesch ndi William Nyhan anafotokoza mu 1964, a ana aamuna obadwa opanda enzaimuyi, amene amakhala ndi uric acid wochuluka zedi, amavutika ubongo ndipo amadziluma milomo ndi zala. Ma purine amene sanatoledwe amaphwanyidwa. A kumbali ya adenine amasanduka inosine, kenako hypoxanthine, ndipo enzaimu ya xanthine oxidase imasandutsa hypoxanthine kukhala xanthine ndi xanthine kukhala uric acid. Guanine amalowa njira yomweyo pa xanthine. Mwa mbuzi, ng'ombe ndi nyama zambiri zoyamwitsa ulendowu umapitirira, chifukwa zili ndi enzaimu ya uricase imene imasandutsa uric acid kukhala allantoin, chinthu chosungunuka mosavuta chimene chimatuluka mumkodzo popanda vuto. Munthu, chimpanzi ndi gorila alibe uricase yogwira ntchito, choncho kwa ife uric acid ndiye mapeto a njira, ndipo timakhala naye wochuluka m'magazi kuposa ziweto zathu. Bruce Ames ndi anzake mu 1981 anapereka maganizo akuti kuchuluka kumeneku kumatiteteza ku zinthu zowononga maselo zochokera ku okosijeni. Ndi maganizo ochititsa chidwi, koma sanasinthe kalikonse pa kasamalidwe ka munthu wotupa chala.

Vuto la uric acid ndi kusasungunuka. Pa kutentha kwa thupi kwa madigiri 37, madzi a m'thupi amatha kusunga pafupifupi 6.8 mg/dL, kupitirira apo amayamba kugwirana ndi sodium n'kupanga timiyala, monga mmene shuga amakhalira pansi pa kapu tiyi akachulukiridwa ndiponso akazizira. Pamalo pozizira malirewo amatsika, n'chifukwa chake timiyala timakonda chala cha kuphazi ndi m'mphepete mwa khutu, malo otalikirana ndi kutentha kwa pakati pa thupi, ndipo matendawa amakonda kuyamba usiku. Timiyalati timatha kukhala m'mfundo zaka zambiri mwakachetechete. Tikagwedezeka n'kumezedwa ndi maselo oteteza thupi, timadzutsa gulu la mapuloteni lotchedwa NLRP3 inflammasome, limene limatulutsa interleukin-1 beta, ndipo iyeyu ndi amene amaitana khamu la maselo oyera lija tinaliona pagalasi. Izi zinasonyezedwa mu 2006 ndi Fabio Martinon ndi Jürg Tschopp ku Lausanne, patapita zaka zambiri chiyambire pamene Carl Wilhelm Scheele anapeza uric acid m'miyala ya m'chikhodzodzo mu 1776, ndi pamene Alfred Baring Garrod wa ku London anasonyeza mu 1848 kuti odwala gauti ali naye wochuluka m'magazi.

Chifukwa chake anakwera mwa bamboyu

Ambiri, kuphatikizapo ogwira ntchito m'chipatala, amati gauti ndi matenda a anthu odya bwino, ndipo akakumana nawo amathamangira kuletsa zakudya. Koma gawo lalikulu la uric acid limachokera m'maselo a thupi lenilenilo, osati m'mbale, ndipo mwa odwala gauti ambiri vuto silikhala kupanga wochuluka koma kulephera kumutaya. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu amatuluka kudzera mu impso, lotsalalo kudzera m'matumbo. Impso zimasefa uric acid kenako zimabweza m'magazi pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a amene zasefa, ndipo khomo lalikulu lobwezera ndi puloteni yotchedwa URAT1, imene ofufuza a ku Japan anaifotokoza mu 2002. Khomo limeneli limagwira ntchito mosinthanitsa: limalowetsa uric acid kuchokera mumkodzo pamene likutulutsa chinthu china kuchokera m'selo. Chinthu chosinthanitsacho chikachuluka, uric acid wobwerera m'magazi amachulukanso.

Pyrazinamide akalowa m'thupi amasanduka pyrazinoic acid, amene ndi chosinthanitsa champhamvu kwambiri pa URAT1, moti anthu ambiri omwa mankhwalawa uric acid wawo amakwera, ngakhale kuti ochepa okha ndi amene amatupa mfundo. Ethambutol nayenso amachepetsa katayidwe kake, ngakhale pang'ono. Hydrochlorothiazide amachepetsa madzi m'thupi ndi kupangitsa impso kubweza uric acid wambiri, ndipo asipilini wa mlingo wochepa amachitanso zomwezo. Indosidi wa masiku anayi anafooketsa impso zimene zinali kale zotopa ndi BP. Mowa umene ankamwa kale umagwira mbali ziwiri: umachulukitsa lactate, amenenso ndi chosinthanitsa pa khomo lija, ndipo mowa wofulidwa ndi yisiti uli ndi ma purine akeake. Zakumwa zotsekemera zimene analowetsa m'malo mwa mowa sizinamupulumutse, chifukwa fructose, mtundu wa shuga wa m'zakumwazo, akamaphwanyidwa m'chiwindi amadya ATP mofulumira, ndipo AMP, chotsalira cha ATP, amatsikira njira ija mpaka kukhala uric acid.

Maganizo anga ndi akuti bamboyu anali ndi gauti kale, mwina ya kumtundu, imene hydrochlorothiazide anaikulitsa mwakachetechete kwa zaka zisanu ndi chimodzi, monga mmene zotupa za kukhutu ndi kuchigongono zikuchitira umboni, chifukwa zotupa zotere sizimera m'masabata asanu. Pyrazinamide anangofika pa munthu amene impso zake zinali zitatsekeredwa kale mbali zitatu.

Chithandizo

Tinamugoneka m'wodi. Poletsa kutupa pali njira zitatu zodziwika: mankhwala a gulu la indosidi ndi bufeni, colchicine, kapena prednisolone. Gulu loyambalo tinalikana chifukwa cha impso ndi BP, ndipo colchicine panthawiyo munalibe m'famase. Tinapereka prednisolone 40 mg m'mawa uliwonse kwa masiku asanu. Mlingo wozolowereka ndi 30 mpaka 35 mg, koma rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya prednisolone, choncho tinakweza pang'ono. Mantha opereka prednisolone kwa wodwala TB ndi omveka, koma masiku asanu mwa munthu amene akumwa mankhwala a TB ogwira ntchito si chinthu choopsa. Mphini tinazitsuka ndi kupereka cloxacillin, ndipo tinkayang'ana bondo m'mawa ndi madzulo, chifukwa timiyala ndi mabakiteriya zimatha kupezeka m'mfundo imodzi. Kupopa kokha kunachepetsa ululu wa bondo tsiku lomwelo. Pofika tsiku lachitatu thupi linazizira ndipo ankapita yekha kuchimbudzi ndi ndodo.

Hydrochlorothiazide tinamuchotsa n'kuika amlodipine, mankhwala ena a BP amene sakweza uric acid. Tinayamba ndi 5 mg koma posakhalitsa tinafika pa 10 mg, chifukwa rifampicin amafooketsanso amlodipine. Losartan, amenenso ndi wa BP, akanakhala wabwino kwambiri, popeza amatseka URAT1 pang'ono n'kuthandiza kutaya uric acid, koma sapezeka mwa nthawi zonse ndipo sitinafune kumuyambitsa mankhwala amene angamusowe pakati panjira. Asipilini ndi indosidi tinaletsa, n'kumuuza kuti mutu ukapweteka azimwa panado.

Funso lovuta linali la pyrazinamide. Mabuku ena amalangiza kuti munthu akatupa ndi gauti yeniyeni, mankhwalawa achotsedwe. Koma pyrazinamide ndi amene amapha tizilombo ta TB tobisala m'malo a asidi m'miyezi iwiri yoyamba, ndipo ndi amene anathandiza kufupikitsa chithandizo kukhala miyezi isanu ndi umodzi. Akachotsedwa, chithandizo chimatalika kufika miyezi isanu ndi inayi, ndipo piritsi limodzi lophatikiza liyenera kulowedwa m'malo ndi mapiritsi osiyanasiyana. Kwa munthu amene anasiyapo kale mankhwala masiku anayi, amenenso amakhala kutali ndi chipatala, miyezi itatu yowonjezera si nkhani yaing'ono. Titakambirana ndi dokotala wamkulu ndi mkulu woona za TB, tinagwirizana kuti apitirize RHZE kwa masabata atatu otsalawo, kuwonjezerapo masiku anayi amene anadumpha, popeza zinthu zina zitatu zokweza uric acid tinali titazichotsa. Tinagwirizananso kuti akatupanso kwambiri kapena creatinine akakwera, pyrazinamide achoke. Wina akanasankha kumuchotsa pomwepo ndipo sindinganene kuti akanalakwa.

Allopurinol, mankhwala otsitsa uric acid, sitinamuyambitse nthawi imeneyo, ndipo chifukwa chake chili m'njira ya ma purine yomweyo. Allopurinol anapangidwa mofanana kwambiri ndi hypoxanthine, moti xanthine oxidase imamugwira n'kumusandutsa oxypurinol, amene amamatirira pa enzaimuyo n'kuitseka. Koma xanthine oxidase yomweyo ndi imene imathandiza kuphwanya pyrazinoic acid. Ikatsekedwa, pyrazinoic acid amachuluka m'magazi, ndipo khomo la mu impso limabweza uric acid wambiri, choncho phindu la allopurinol limachepa pa nthawi imene munthu akumwa pyrazinamide. Panalinso chifukwa chachiwiri: allopurinol amatha kubweretsa zidzolo zoopsa zosupula khungu, makamaka mwa anthu a impso zofooka ndi amene ali ndi jini ya HLA-B*58:01, imene imapezeka kwambiri mwa anthu ena a ku Asia komanso mwa anthu ochokera ku Africa kuposa azungu. Mankhwala a TB nawonso amabweretsa zidzolo, ndipo tikanayamba zonse pamodzi sitikanadziwa wolakwa.

Mbiri ya allopurinol ikuyenera kutchulidwa pang'ono, chifukwa mankhwala angapo a m'famase mwathu ndi abale ake. Gertrude Elion ndi George Hitchings ankapanga zinthu zofanana ndi ma purine n'cholinga chonamiza maselo a khansa, ndipo mwa njira imeneyo anapeza 6-mercaptopurine wochizira khansa ya m'magazi. Popeza xanthine oxidase inkawononga mankhwalawo msanga, anayesa allopurinol kuti aitseke, ndipo zinaoneka kuti uric acid akutsika. Mu 1966 analoledwa ku America ngati mankhwala a gauti, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1988 pamodzi ndi James Black. N'chifukwa chake allopurinol sayenera kuperekedwa mwachisawawa kwa munthu amene akumwa azathioprine kapena 6-mercaptopurine, popeza mankhwalawo amaunjikana mpaka kuwononga mafuta a m'mafupa opanga magazi. Acyclovir amene timapereka pa mashingozi anatengera guanine, abacavir anatengera guanosine, ndipo tenofovir wa m'piritsi la ma ARV la TLD anatengera adenine. Ngakhale kachilombo ka malungo kali m'nkhani yomweyi: sikatha kudzipangira ma purine, kamadalira kutola a m'maselo ofiira a munthu, ndipo ofufuza akhala akuyang'ana njira yotolera imeneyo ngati malo okakanthira.

Za zakudya

Pamene ankatuluka, akazi ake anabwera ndi mndandanda umene anamva kwa anthu m'wodi: nyemba ayi, nandolo ayi, usipa ayi, tomato ayi, tiyi ayi. Anafunsa kuti, "Nanga adokotala, ndiziwaphikira chiyani, poti ndiwo zonse mwaletsa?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, nyemba, nandolo, khobwe, mazira ndi masamba aphikireni monga mwa masiku onse, chifukwa bambowa akufunika abwezeretse thupi." Kafukufuku wa Hyon Choi ndi anzake wa mu 2004, amene anatsatira amuna oposa 47,000 ku America kwa zaka 12, anapeza kuti nyama ndi zakudya za m'madzi zimawonjezera mpata wodwala gauti, zomera zokhala ndi ma purine sizimawonjezera, ndipo mkaka umachepetsa. Choncho chambiko tinachilimbikitsa. Tiyi alibe mlandu. Caffeine wa mu tiyi ndi wa m'banja la ma purine ndithu, koma thupi silimusandutsa uric acid wopanga timiyala. Zimene tinaletsa ndi mowa, zakumwa zotsekemera ndi zam'kati monga chiwindi, impso ndi mthumbwana, zimene zili ndi maselo othithikana odzaza DNA. Usipa, matemba ndi bonya n'zovutirapo, chifukwa nsomba zing'onozing'ono zodyedwa zathunthu zili ndi ma purine ambiri, koma pakhomo pambiri ndiyo ndiwo ya mapuloteni yotsika mtengo. Kwa munthu amene wataya makilogalamu asanu ndi atatu ndi TB, kumulanda usipa n'kumuvulaza kuposa kumuthandiza, choncho tinagwirizana kuti azidya kawiri kapena katatu pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, ndiponso azimwa madzi ambiri. Zakudya zokha zimatsitsa uric acid pang'ono chabe, pafupifupi 1 mg/dL mwa amene asamala kwambiri, ndipo sizingachotse munthu pa 10.9 kufika pansi pa 6.

Nkhani ya sing'anga tinaikamba popanda kunyoza. Ndinamuonetsa bamboyu timiyala take pa maikulosikopu, iye ndi mwana wake, ndipo atayang'anitsitsa anafunsa ngati tinalowa kudzera m'phazi. Ndinamufotokozera kuti tinapangika m'thupi momwemo, ndipo umboni wake ndi wakuti tilinso kukhutu kumene sikuponda pansi. Ndinawachenjezanso za duwa la m'tchire lotchedwa Gloriosa superba, lofiira ndi chikasu, limene limaphuka nthawi ya dzinja; lili ndi colchicine, koma mizu yake ndi poizoni wakupha ndipo mlingo wake sungayezeke pakhomo.

Mmene zinayendera pambuyo pake

Sabata yomaliza ya RHZE kakolo wamanja anatupa pang'ono, ndipo prednisolone wa masiku atatu anathetsa. Makhololo a kumapeto kwa mwezi wachiwiri analibe tizilombo, ndipo analowa gawo la RH, lomwa rifampicin ndi isoniazid okha. Patatha masabata atatu chisiyireni pyrazinamide, creatinine anatsika kufika 104 µmol/L, eGFR inakwera kufika pafupifupi 72, ndipo uric acid anali 8.4 mg/dL, kapena 500 µmol/L. Nambala imeneyi inayankha funso lalikulu: mankhwala onse okweza uric acid atachoka, anali adakali pamwamba pa 6.8, kusonyeza kuti gautiyo ndi yake ndipo ikufuna chithandizo cha moyo wonse. Zotupa za kukhutu ndi kuchigongono pazokha zinali chifukwa chokwanira choyambira allopurinol.

Tinayamba ndi 100 mg patsiku, pamodzi ndi colchicine 0.5 mg patsiku amene mwana wake anagula ku Lilongwe, chifukwa uric acid akayamba kutsika timiyala takale timasungunuka n'kugwedezeka, ndipo mfundo zimatha kutupa m'miyezi yoyamba. Izi ndinazibwereza kangapo kwa onse awiri, popeza odwala ambiri amasiya allopurinol pa nthawi imeneyi poganiza kuti akuwonjezera matenda. Ndinalemba m'kabuku kake ndi zilembo zazikulu kuti asapatsidwenso hydrochlorothiazide, ndiponso kuti akaona zidzolo, zilonda m'kamwa kapena maso kufiira, asiye allopurinol tsiku lomwelo ndi kubwera. Mlingo tinkakweza ndi 100 mg mwezi uliwonse mpaka 300 mg.

Mankhwala a TB anamaliza ndipo anachira. Sikelo ikusonyeza makilogalamu 64 ndipo wabwerera ku malonda ake. Rifampicin atachoka m'thupi, BP inatsika kufika 128/80 pa amlodipine 10 mg, ndipo mapazi anayamba kutupa pang'ono madzulo, choncho tinabwerera pa 5 mg. Uric acid womaliza anali 5.6 mg/dL, kapena 333 µmol/L. Kwa wodwala gauti wamba nambala imeneyi ndi yokwanira, popeza cholinga chimakhala pansi pa 6, koma kwa amene ali ndi zotupa za timiyala ambiri amalangiza kufika pansi pa 5 kuti zisungunuke msanga. Cha kukhutu chachepa ndi theka, cha kuchigongono sichinasinthe kwenikweni. Takweza allopurinol kufika 400 mg, colchicine apitiriza miyezi ina itatu, ndipo uric acid ndi creatinine tidzayezanso pakatha masabata asanu ndi limodzi, tsiku limene mwana wake adzapite ndi katundu ku Lilongwe, kuti magazi apite pa galimoto yomweyo.